Mayi Nambewe akana kubadwa pa 1 Januwale

Lachiwiri lapitali, mayi wina wa mumpingo mwathu kuno ku Nsaru anandikanira tsiku lobadwa limene ndinkafuna kuwapatsa ulere.

Ndiyambe ndakuuzani mmene ndinapezekera ndikugawa masiku obadwa. Ine ntchito yanga ndi ya choko, koma kutchalitchi anandisankha kukhala mlembi, poti amati aphunzitsi sasowa cholembera m'thumba. Mvula ya chaka chatha inadontha m'kachipinda kamene timasungiramo mabuku, chiswe n'kudzamaliza zotsala. Buku lalikulu la mayina a akhristu linasanduka dothi. Akulu a mpingo atakhala pansi anagwirizana kuti mayina onse alembedwenso, koma ulendo uno mu kompyuta, ndipo makhadi a Mgonero azituluka m'menemo.

Pulogalamu yolemberamo anatikonzera a Tiyamike, mwana wa mmodzi wa akulu a mpingo, amene amagwira ntchito za makompyuta m'tauni. Inali yosavuta. Umalemba dzina, mudzi, tsiku lobadwa ndi tsiku la ubatizo, n'kudina, basi munthu walowa. Ndi achinyamata zinkayenda bwino kwambiri, moti ena ankatchula masiku awo ndisanamalize n'kufunsa komwe.

Kenako inafika nthawi ya akuluakulu.

Mayi Nambewe amakhala kutsidya kwa dambo. Ndi wamasiye, amalima mtedza okha ndi manja awo, ndipo pamaliro a kumudzi kwawo nyimbo siyamba iwo asanafike. Atalowa m'kachipinda kaja, anakhala pabenchi moyang'anana ndi laputopu, ndodo ataigoneka pansi. Dzina anatchula, mudzi anatchula. Nditafunsa tsiku lobadwa, anandiuza chaka, n'kunena kuti chimenecho alibe nacho chikayiko chifukwa anawauza ndi malemu achimwene awo amene anaphunzira kumishoni. Za mwezi, anati mayi awo ankangonena kuti mtedza unali utayamba maluwa.

Ndinalemba chakacho n'kudina. Kompyuta inakana, n'kulemba mawu ofiira akuti tsiku silinakwane. Ndinayesanso. Inakananso.

Apa ndinachita zimene aliyense wogwira kompyuta m'dziko muno amachita. Ndinawauza kuti palibe vuto, tingolemba 1 Januwale.

"Kodi munaliko, aphunzitsi?" anandifunsa.

Ndinaseka, ndikuyesa nthabwala. Iwo sanaseke. Ndinafotokoza kuti nthawi ya maluwa a mtedza ndi cha mu Januwale momwemo, ndiye mwina tsikulo likhoza kukhala loona.

"Mwina ndi loonadi," anatero. "Koma wodziwa ndi Mulungu, osati inu kapena ine. Ndiye mukufuna ndiname m'nyumba mwake, eti?"

Ndinapempha chiphaso chawo cha unzika, ndikuganiza kuti chitithandiza. Anamasula mfundo ya pachitenje n'kundipatsa. Pamenepo panalembedwa 1 Januwale. Nditawaonetsa, anati akudziwa. Olemba ziphaso aja anali ndi mzere wautali, dzuwa likuswa mtengo, ndipo iwo anakhala chete chifukwa chiphasocho amachifuna kuchipatala ndi pogula feteleza. Koma anati za kumeneko zikhale za kumeneko. Ngati makina a mpingo salandira munthu wonena zoona, ndiwasiye kunja.

Anatola ndodo yawo n'kutuluka. Amayi anzawo a kutsidya kwa dambo, amene anali pakhonde kudikira nthawi yawo, anamva zonse. Anadzuka mmodzimmodzi n'kuwatsatira. Ndinatsala ndekha ndi mawu ofiira aja, ndipo Mgonero unali Lamulungu lomwelo.

Abusa nditawafotokozera mmawa mwake, anati zimenezi zisatidetse nkhawa. Palibe angatsekere mayi Nambewe pagome la Ambuye chifukwa cha makina. Analemba khadi pamanja n'kundituma. Nditaweruka kusukulu ndinapalasa njinga kuwoloka dambo, n'kuwapeza akusenda mtedza pamkeka. Anandilandira bwino, anandiyalira chiguduli, mpaka kundipatsa mtedza wokazinga. Koma khadi lija analiyang'ana kanthawi, n'kundibwezera ndi manja awiri.

"Khadi la pamanja mumapatsa alendo ochokera kumipingo ina," anatero. "Ine ndakhala mlendo liti?"

Khadilo ndinalibwezera m'thumba. Mayi amenewa anaumba nawo njerwa za tchalitchi chimene timapempheramochi. Pobwerera njinga ndinangoyikankha, ndikuganiza za mabenchi akutsogolo amene akanakhala opanda anthu Lamulungu, komanso za mmene nkhaniyi ikanamvekera kumsika: akuti ku Nsaru kompyuta yadula okalamba mumpingo.

Nditafika pachulu china cha m'njiramo pamene netiweki imagwira, ndinaimbira a Tiyamike. Poyamba sanaone vuto. Anandifotokozera kuti bokosi la tsiku mu kompyuta linapangidwa kuti lizilandira tsiku, mwezi ndi chaka pamodzi, ndipo likasowa chimodzi limaona ngati palibe chimene walemba. Anati ndi mmene anaphunzirira, ndiponso ndi mmene amachitira kuntchito kwawo. Ndinawafunsa ngati akudziwa tsiku limene anabadwa agogo awo akuchikazi, amene tinawaika m'manda zaka zapitazo. Kenako anati pamwala wa pamanda analembapo chaka chokha, ndipo andiimbira.

Podikira foniyo ndinaganiza zambiri, ndipo zina ndikufuna tiganize limodzi.

Kodi munayamba mwadabwapo kuchuluka kwa anthu a m'midzi mwathu amene mapepala awo amati anabadwa pa 1 Januwale? Munthu wobwera kuchokera kutali ataona zimenezi angaganize kuti azamba akale ankagwira ntchito tsiku limodzi pachaka. Tonse tikudziwa chimene chinachitika. Wina anali ndi fomu, fomuyo inali ndi mabokosi, ndipo bokosi lopanda kanthu limaoneka ngati ulesi wa mlembi. Ndiye analidzaza.

Vuto lake n'lakuti chongopeka chikalowa m'bokosi chimavala jekete. Pakatha zaka zingapo palibe angasiyanitse amene anabadwadi tsiku limenelo ndi amene anangopatsidwa. Mdzukulu adzachikopera pamwala wa pamanda, mdzukulutudzi n'kudzalumbirira kuti ndi zoona. Pomwe malo osiyidwa opanda kanthu amanena chilungamo, amati apa sitikudziwa, ndipo amasiya khomo lotsegula kuti wina wodziwa akadzapezeka adzalembepo.

Komanso tisamaone ngati anthu amenewa sadziwa kanthu. Amadziwa, kungoti amadziwa mwa njira yawo. Wina akuuzani kuti anabadwa fodya ali m'zigafa. Wina akuti anayamwa nthawi imodzi ndi uje. Wina akudziwa mwezi wa ubatizo wake chifukwa anawoloka mtsinje utadzaza, koma tsiku linamuthawa. Zimenezi si zachabe. Ndi theka la yankho, ndipo theka loona limaposa lathunthu lonama. Nanga n'chifukwa chiyani timapanga makina amene amataya thekalo n'kusunga bodzalo?

Sindikunena kuti masiku alibe ntchito, ayi. Ine ndimalemba ana sukulu chaka ndi chaka, ndipo zimandiwawa kholo la masiku ano, la foni m'manja, likamalephera kutchula tsiku limene mwana wake anabadwa pamene buku la kusikelo lili m'nyumba. Ameneyo alibe chowiringula. Koma mayi amene anabadwira m'nyumba ya udzu, kalendala yapafupi ili kumishoni, tisawapatse mlandu wa nthawi imene anabadwiramo.

A Tiyamike anaimba Lachisanu masana, ndili m'kalasi. Nditatuluka panja anandiuza kuti bokosi lija aliphwanya patatu: la chaka palokha, la mwezi palokha, la tsiku palokha. Munthu alembe chimene akudziwa, chotsalacho asiye. Kwa amene ngakhale chaka akuchikayikira, anaika kabokosi kochonga kuti n'chongoyerekeza. Pansi pake anasiya mzere wolembapo mawu a mwini wake. Anati chinawavuta n'chakuti kompyuta ikamawerengetsa msinkhu wa munthu imafunabe tsiku, ndiye anaiuza kuti kwa oterewa izingonena kuti zaka pafupifupi zakuti, osadzionetsa ngati ikudziwa zonse. Anatumiza zosinthazo pafoni, n'kunditsogolera pozilowetsa ngati akutsogolera wakhungu pamlatho wa mtengo umodzi.

Mtima wanga unayamba kutsika, koma sunafike pansi. Mayi Nambewe anali asanavomere kubweranso, ndipo ndinkaopa kuti anena kuti zakwana. Ndinatuma uthenga kudzera kwa mkulu wa mpingo wa kudera lawo, wakuti makina aja aphunzira ulemu.

Loweruka kunali mapemphero okonzekera Mgonero. Anthu atayamba kusonkhana, ndinawaona akutulukira kuseri kwa mabulugamu, iwo patsogolo, anzawo aja pambuyo. Analowa m'kachipinda muja osandipatsa mpata wopepesa, n'kukhala pabenchi lomwe lija. Ndinalemba chaka. Mwezi ndinasiya, tsiku ndinasiya. Pamzere wapansi ndinalemba kuti mtedza unali utayamba maluwa. Kenako ndinadina, ngakhale ndinali ndisanayesepo ndi munthu weniweni.

Sipanatuluke mawu ofiira.

Anandiuza kuti ndiwawerengere zonse mokweza, ndipo ndinawerenga. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ameneyo ndiye ine," anatero.

Khadi lawo litatuluka analipinda bwinobwino n'kulimanga pamfundo ya chitenje. Sanathokoze kompyuta, sanandithokozenso ine, ndipo sindinaone chifukwa choti atero. Anangoitana mnzawo wotsatira kuti alowe, n'kumuuza kuti anene zimene akudziwa basi, asaonjezere. Lamulungu mabenchi akutsogolo anadzaza, ndipo nyimbo yoyamba anaiyambitsa ndi iwo.

Koma chimene chinandikhudza kwambiri chinachitika anthu akubalalika. Anandipeza bambo Kalima, mlimi wa fodya wa pafupi ndi msika, amene ndinali nditawalemba kale masiku apitawo popanda vuto lililonse. Tsiku lawo anali atalitchula lonse mosadodoma. Anadikira kuti anthu achepe, n'kuvula chipewa, n'kundipempha motsitsa mawu kuti nditsegulenso dzina lawo.

Anati tsiku limene anandipatsa lija si lawo. Pamene ankayamba sukulu, mphunzitsi wawo anawauza kuti agwire khutu podutsitsa mkono pamwamba pa mutu, ataligwira n'kuwalembera chaka, ndipo tsiku ndi mwezi anangotenga za tsiku lomwelo. Akhala akulinyamula moyo wawo wonse, analembetsa nalo ukwati, ndipo ana awo a m'tauni amawaimbira foni chaka chilichonse pa tsikulo kuwafunira zabwino. Sanauzepo munthu, chifukwa ankaona ngati kusadziwa tsiku lobadwa n'chamanyazi.

"Fufutanipo, aphunzitsi," anatero. "Siyani chaka chokha, ndipo muchongenso kuti n'chongoyerekeza. Anawo aziimbabe, sindiwaletsa."

Ndinafufuta. Anavala chipewa chawo n'kutuluka akuyenda mopepuka ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

Ndiye inu amene mukuwerenga, amene mumalemba tsiku lanu pa fomu iliyonse osaganiza kawiri, kodi anakuuzani ndani? Ngati amene anakuuzaniyo akadali moyo, bwanji osapita kukamufunsa kuti kunja kunali kotani tsiku limenelo?