Kabokosi ka Mpweya

Amuna anga atatengedwa anandisiyira ana awiri, munda wa mpunga ku Likangala, ndi galimoto imene sindinkadziwa kuyendetsa. Inali galimoto yakale, yotuwa, imene anagula kwa mzungu wina wa ku esiteti pamene ankabwerera kwawo. Ankanyamulira nsomba kuchokera ku Kachulu kupita nazo m'tauni, ndipo mkati mwake munkanunkha matemba ngakhale utsukemo ndi sopo wamtundu wanji.

Anthu amene anabwera kudzawatenga sanatiuze mlandu, ndipo masiku amenewo sunkafunsa. Anasanthula m'nyumba, anasanthula m'nkhokwe, kenaka anatsegula boneti ya galimoto. Pambali pa injini panali kabokosi kakuda kolumikizidwa ku payipi yaikulu. Amuna anga ankati kamayeza mpweya umene injini ikupuma, kuti petulo alowe wokwanira. Mmodzi wa anthu aja anaganiza kuti m'menemo ndi mobisa makalata, ndiye anakakanula ndi chitsulo mpaka kanang'aluka. Sanapezemo kanthu, koma amuna angawo anapita nawobe.

Kuyambira tsiku limenelo pakhomo panga panazizira. Sindikuti anthu anandida, ankangoopa. Ndikafika pamjigo nkhani zinkatha, aliyense n'kuyamba kuyang'ana m'ndowa yake ngati mwagwera ndalama. Kutchalitchi ndinkakhala ndi benchi yangayanga, ine munthu wochepa thupi ngati ine. Ngakhale wodzapala moto anasowa. Ana ndinawatumiza kwa achemwali anga kwa Kuntumanji kuti asamalozedwe zala kusukulu, ndipo ndinatsala ndi nkhuku. Panali masiku oti dzuwa linkalowa ndisanatulutse mawu kwa munthu, moti ndikati ndiitane nkhukuzo mawu ankatuluka osasa.

Pa galimotoyo ndinkadziwa chinthu chimodzi chokha, kuiliza. Amuna anga anandiphunzitsa kuti akachokapo ndiziiliza, batire lisathe. Koma tsopano ndikapotokola kiyi inkangotsokomola, kunjenjemera pang'ono, n'kuzima. Ndinayesa mpaka ndinatopa nayo. Udzu unamera m'mbali mwa matayala.

Mpunga utayamba kucha kunabwera alamu anga, akulu awo a amuna anga, kuchokera kwa Mwambo. Anakana mpando, anaima pafupi ndi galimoto n'kumaigogoda ndi chala.

"Mlamu, tisanamizane," anatero. "Anthu otengedwa chonchi ambiri sabwera. Chinthuchi chafa, chikungodyeka ndi dzimbiri. Mukatha kukolola ndibwera ndi ng'ombe tidzachikoke, akubanja tikaone chochita nacho."

Ndinamva zimene sananene. Amuna anga anali mkamwini m'mudzi mwathu, ndipo kwathu kuno abale a mwamuna amadzatenga katundu wake mwiniyo akamwalira. Mtima unandipsa mpaka m'makutu.

"Alamu, maliro ake munakhuza kuti? Bwanji ine simunandiitane?"

"Musandilankhule choncho. Ikanakhala kuti ikulira, bwenzi ndikuti mukuwasungira. Koma nanga ilira iyi?"

"Ikalira muisiya?"

Anaseka. "Ikalira ndiisiya."

Ndinalibe womufunsa nzeru, ndiye ndinafunsa mutu wanga womwewu. Ndinakulira m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndipo chinthu chikang'aluka kuno timadziwa mankhwala ake. Bwato likayamba kulowa madzi asodzi amalimata ndi phula. Ndinapita kudooko, ndinatola zotsalira pamene anthu ankamatira mabwato, ndinazisungunula m'chitini, n'kumata mng'alu wonse bwinobwino ndi kamtengo. Batire ndinalisenza pamutu mpaka ku Jali, kwa wokonza mawailesi, amene analitchaja osandiyang'ana kumaso.

Inalira, abale. Inalira ndithu, ndipo ndinavina ndekhandekha kuseri kwa nyumba, ine mayi wa ana awiri. Koma injini itatentha phula lija linasungunuka, lina n'kuyenderera pansi, lina n'kukokeredwa mkati. Kunatuluka utsi wonunkha ngati kudooko, galimoto n'kuzima. Ndinaitukwana, ndinatukwana alamu, ndinatukwana munthu wa chitsulo uja ndi mtundu wake wonse, koma motsitsa mawu chifukwa mipanda yathu ndi yaudzu. Kenaka ndinakhala pansi n'kulira, poti ndinaona kuti ndaononga ndi pamene panali pabwino.

Panali mayi wina wachisilamu wogulitsa nsomba, amene amuna anga ankamunyamulira madengu. Iye yekha ndi amene ankandipatsabe moni, ali pamsewu, osaima. Tsiku lina ndinamudikirira pansi pa mtengo wa mango, kabokosi kaja nditakamasula n'kukakulunga m'chitenje. Ndinamupempha akapereke kwa makaniko wa m'tauni amene ankaikonza galimotoyo. Anayang'ana uku ndi uku, n'kukaponya m'dengu pansi pa matemba.

Anakhalitsa osandiyankha. Ndinamweta mpunga, ndinapuntha, ndinauluza, zonse ndekha, ndipo uthenga unafika woti alamu abwera Loweruka. Lachisanu masana mayi uja anapatuka, nthawi yoyamba kuponda pakhomo panga. Pansi pa dengu lopanda kanthu panali chiguduli, ndipo m'chigudulimo munali kabokosi kena kofanana ndi kaja, kochokera m'galimoto ina imene inachita ngozi.

"Achemwali, mumve bwino, sindibwereza," anatero akundinong'oneza. "Amakaniko akuti iwowo ali ndi ana, sangafike kuno. Akuti muyambe mwachotsa waya wa batire. Akuti phula lanulo mulitsuke lonse ndi palafini, ndipo anaseka mpaka misozi. Pakabokosipo pali kamuvi, kaloze ku injini. Zomangira zake mumange mpaka payipi isiye kugwedera, koma musachite kulimbana nazo, mungaswenso. Chomaliza, akuti sakukudziwani."

Anasenza dengu lake n'kumapita. Ndinalakalaka akanakhala pang'ono, ngakhale kungomwa madzi.

Loweruka ndinalawirira. Zitsulo za amuna anga zinali m'thumba pansi pa bedi, ndipo zogwirira zake zinali zosalala ndi manja awo. Ndinayesa sipanala imodziimodzi mpaka ndinapeza yokwana. Phula linandivuta koopsa. Linali litakakamira m'payipi monse, ndipo ndinalipala ndi supuni, kulitsuka ndi palafini, kupukuta, kuyambiranso, zala zikuwawa. Kabokosi katsopano kanakana kulowa. Ndinakakankha, ndinakakalipira, kenaka ndinaona kuti kamuvi kaloza kolakwika. Nditakatembenuza kanangolowa kokha. Ndinamanga zomangira ndikulankhula nazo, ndinalumikiza kachingwe ka magetsi mpaka kanati tswa, n'kubwezera waya wa batire. Dzuwa linali litakwera, ndipo thukuta linkandilowa m'maso.

Ndinalowa m'galimoto n'kukhala pampando wa amuna anga. Ndinkaopa kugwira kiyi. Ndinadziwa kuti ikakana ndilibenso nzeru ina, ndipo madzulo pakhomo padzatsala udzu wofota pamene inkaima.

Inatsokomola kamodzi, n'kugwira. Sinanjenjemere. Inalira mosalala, mawu ake akale aja, ndipo ndinadikira kuti izime koma sinazime.

Nditadzutsa mutu ndinaona anthu. Ankatuluka m'nyumba, m'madimba, ena akuchokera kumjigo ndowa zili pamutu, onse akubwera chakuno. Mayi wina anali atayamba kale kululutira. Ndinadabwa kuti nanga anthuwa akondwera bwanji ndi kabokosi kanga. Kenaka ndinaona kunjira ya kwa Mwambo. Alamu anali patali ndi ng'ombe ziwiri ndi chingwe, koma patsogolo pawo pankathamanga mayi wokalamba, apongozi anga, amene anabala amuna anga. Anali atatsagana ndi alamu kuti adzaone katundu wa mwana wawo komaliza. Munthu woyendera ndodo, tsiku limenelo ndodo anaitaya, mpango unagwa kumutu osautola.

"Mwana wanga! Wabwera mwana wanga!"

Pamenepo m'pamene ndinazindikira chimene anthu onsewo anamva. Ndinafuna kutuluka kuti ndiwaimitse, koma ndinachedwa. Apongozi anafika pawindo ali wefuwefu, anagwira chitseko ndi manja onse awiri, n'kusuzumira. Anapeza ine, manja ali bii ndi phula.

Sanalire. Anangondiyang'ana, kenaka anayang'ana kumpando wakumbuyo, ngati kuti mwina ali kumeneko. Nthungululu ija inathera m'malere. Anthu anayamba kubwerera mmodzimmodzi, aliyense njira yake. Alamu anaima kaye pamsewu, kenaka anatembenuza ng'ombe zawo. Galimoto ndinaipulumutsa, koma ndinamva chisoni ndi manyazi zimene sindinamvepo, chifukwa ndinathamangitsa mayi wokalamba pachabe.

"Pepani amayi," ndinatero, ndikutambasula dzanja kuti ndiizimitse.

Anandigwira pamkono.

"Ayi apongozi, musaizimitse. Ilekeni ilire."

Anazungulira pang'onopang'ono akugwirira boneti, anatsegula chitseko cha mbali inayo, n'kukhala pansi. Anatsamira mutu, n'kutsinzina. Tinakhala momwemo awiriwiri, galimoto ili pamalo amodzi, mpaka petulo anatha.