Chidole cha Bwana Gulitsani

Nchito yanga yoyamba inabwela ndi zipi yakufa. Kampani imene amuna anga ankagwilako itagulitsidwa, ndinayamba kukhala pakhonde la sitolo ku Kabwata mu Lusaka ndi makina osokela opalasa ndi phazi, mwana wanga Tisa ali kumsana. Tsiku lina kunabwela bambo wa tsitsi lalitali la imvi, atanyamula jini yong'ambika m'mawondo, kuti ndimuikile zipi. Nditafuna kusokanso mawondowo anakana. "Iyayi, amake Tisa, apo ni pa mawindo." Anayang'ana msoko wanga nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati ndingasokele jekete munthu wamtali kufika padenga.

Amenewo anali ba Mulenga. Anali ndi kagulu ka masewelo kamene kankakumana m'galaja ya mlongo wawo ku Woodlands. Ali mnyamata anaphunzila ku Amelika, nthawi imene achinyamata a kumeneko ankakana kupita kunkhondo. Ankatiuza kuti anyamatawo ankasunga tsitsi dala kuti akwiyitse makolo, olemba mabuku ankaseka akuluakulu a asilikali ndi eni mafakitale, ndipo m'misewu anthu ankayenda ndi zidole zikuluzikulu zonyoza olamulila. Mabuku otelo anali nawo katoni yodzala. Ine ndinalekela sukulu giledi seveni, ndiye tikamagwila nchito ankandifotokozela m'Chinyanja, nkumaseka okha asanafike poseketsapo.

Poyamba ndinachita mantha nditamva kuti jekete ija inali ya chidole chachikulu cholowamo munthu. Kwathu ku Katete mkazi sayandikila kumene akonzela zilombo za gule. Ba Mulenga anati, "Ichi sichichoka kumanda, chichoka mu nyuzipepala."

Ndipo zinali zoona. Mutu tinkaumba pa dengu lovundikila. Ndinkang'amba manyuzipepala timizele, nkuviika m'phala la fulawa lothila mchele kuti lisachite nkhungu, nkumata. Zikauma, kumatanso, mpaka mutu ulile ngati chikho ukaugogoda. Mapewa anali a nsungwi zomanga ndi waya, zokhala pa malamba a chikwama cha kusukulu. Jekete ndinasoka ndi masaka a fetelaiza odaya akuda, m'khwapa ndikubweleza msoko kawili, chifukwa manja ankayenda ndi ndodo. Pamimba ndinasiya kawindo ka neti kuti Chanda, mnyamata wa m'kaguluko amene ankalowa mkatimo, aziona njila.

Lamulo la ba Mulenga linali limodzi: osatengela nkhope ya munthu mmodzi. Mphuno ndinatenga ya mwini nyumba yathu, makutu a kondakitala wina wa minibasi, masaya a m'busa amene sindimutchula. Chidolecho tinachitcha Bwana Gulitsani. M'sewelo ankagulitsa fakitale, kenako basi, kenako mpando umene anakhalapo, mpaka kufunsa anthu mtengo wa mthunzi wa mtengo.

Tsiku lovuta linali Loweluka masana, pabwalo la pafupi ndi msika wa Chelstone. Anthu anadzala, amayi a tomato atasiya matebulo awo. Bwana Gulitsani atangoyamba kugulitsa basi, kunatulukila anyamata a chipani, mmodzi atanyamula chigubu cha palafini. Wamkulu wawo, wa magalasi akuda, analowa pakati.

"Mudala, chosani ichi chinthu manje manje. Munyoza ba cheyamani batu. Tizachishoka."

Chanda anali mkatimo, ndipo malamba aja sungavule msanga wopanda wokuthandiza. Ndinayamba kuyenda chammbali kupita kumbuyo kwa chidole, Tisa ali kumsana, sizasi ili m'manja, kuti zikavuta ndidule malambawo.

Ba Mulenga sanakweze mawu. Anavula chipewa, napeleka moni m'Chibemba.

"Muli shani, mwaiche? Pepani ngati talakwa. Koma nithandizeni, ine ba cheyamani banu sinibaziba. Bafanana pati na uyu? Tionetseni, tikonze."

Mnyamatayo anayang'ana chidole kuyambila kumutu. Asanayankhe, mayi wina wa kapenta anakuwa, "Pa mimba!"

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Wina anati ayi, ameneyo ndi manijala amene anawachotsa nchito. Wina anati makutuwo ndi a apongozi ake. Amayi awili anayamba kukangana zenizeni, aliyense akuti bwanayo ndi wa kwao.

"Mwamvela?" anatelo ba Mulenga. "Aliyense ali na wake. Manje ngati imwe mukamba kuti ni ba cheyamani, kambani zina yao mokweza, bantu bonse bazibe kuti ndimwe mwabazindikila."

Wa magalasi uja anacheukila anzake. Wa palafini anali atayamba kale kuseka, akubisa nkhope ndi chigubu. Kuti asachoke chimanjamanja, wamkuluyo anagwila mkono wa chidole nakoka mwamphamvu. Nsungwi inathyoka, Chanda anadzandila koma sanagwe. Anyamatawo anapita nawo mkonowo akutukwana.

Ndinalowetsa mutu pansi pa jekete. "Ba Chanda, nidule malamba?"

"Osadula, sisi. Mangani chabe apo palendewela."

Ndinapinda mkono wa jekete nkuubaya ndi mapini, ndipo sewelo linapitilila. Bwana Gulitsani atafika pamzele wakutsogolo, Chanda anawonjezela mawu ake ake: "Na kwanja nagulitsa!" Amayi ena anakhala pansi ndi kuseka.

Tikulongedza katundu m'vaneti, ndinawapatsa ba Mulenga madzi m'kapu. Theka linatayikila pa malaya kapu isanafike pakamwa. Anandiona kuti ndaona.

"Musauze bantu, amake Tisa. Ine nimayopa maningi. Kuchokela ku Amelika konse nimayopa."

Ndinagwila nawo nchito mpaka kagulu kanatha, iwo atadwala. Lelo ndimasoka mayunifomu a sukulu, ndipo zidole ndinasiya. Koma kale ndinkaganiza kuti anthu oseka akuluakulu anabadwa opanda mantha, ndipo ife amantha gawo lathu ndi kukhala chete. Ba Mulenga anandionetsa kuti mantha ali ngati mwana wolila nthawi ya nchito: sungamutaye, umangomubeleka kumsana, manja nkumapitiliza kusoka.