Ankadikira Kuti Tchaina Adzuke

Chaka chimene makina oumitsira tiyi anawonongeka kufakitale, kampani inaitanitsa munthu wakunja kuti adzawakonze. Anali bambo wamfupi, wovala magalasi, imvi zitayamba kale. Tonse tinkangomutcha Tchaina. Akamadutsa kukomboni, ana ankaponya timiyendo m'mwamba uku akukuwa, iye n'kungomwetulira.

Zonsezi zinkachokera kuvidiyo. Ku Luchenza kunali kanyumba ka malata koonetsa mafilimu a karate, ndipo amuna athu ankaswera mmenemo Loweruka lonse. Anachita kugwirizana kuti munthu aliyense wa nkhope imeneyo amabadwa akudziwa kuuluka ndi kuphwanya njerwa ndi chikhatho. Amuna akuluakulu, a ndevu zawo!

Loweruka lina masana ndinapita kukagula kaunjika. Pasiteji ndinapeza chigulu cha anthu chitazungulira. Kusuzumira, mayo ine! Anyamata awiri a kabaza, fungo la kachasu lili guu, amutsekereza Tchaina uja, iye atanyamula kajumbo ka nthochi.

"Bwana, tionetseniko karate," anatero mmodzi, akumukankha pachifuwa.

Bamboyo anaika jumbo pansi, n'kuphatikiza manja, n'kuwerama. Aliyense wamaso akanaona kuti akupepesa. Koma m'mafilimu muja anthu amawerama ndewu ikamayamba, ndiye gulu lonse linaphulika. "Wawerama! Zayambika!"

Chibakera chinatera pamagalasi penipeni. Anagwa chagada.

Pafupi nane panaima akapitawo athu a kumunda, amene ankatiyang'anira pothyola tiyi. Ndinawakoka malaya. "Abambo, kaleretseni, amupha munthuyu!"

"Khalani chete, amayi," anandiyankha osandicheukira n'komwe. "Amayamba dala kumenyedwa. Akangopukuta magazi pakamwa, muona zokoma."

Ndipo anapukutadi, ndi kuseri kwa dzanja, akuyesa kukhala tsonga. Anthu anaimba malikhweru. Ena anabwerera m'mbuyo kumupatsa malo oulukira. Mnyamata wachiwiri anamuponda kumaso ndi nsapato.

Ine mtima unandiwira. Ndinakankha anthu n'kulowa pakati, silipasi ili m'manja. "Zitsiru inu! Kwanu mulibe abambo anu? Menyani ine!" Ndinagwada n'kumuphimba ndi thupi langa, osadziwa ngati nsapato ija ibwerenso. Wina kumbuyo anakuwa kuti ndichoke, ndikutchinga. Mwamwayi dalaivala wina wa minibasi, wovala kachipewa koyera ka kumzikiti, anatulukira ndi chitsulo chomasulira matayala. Anyamata aja anakwera njinga zawo n'kuthawa.

Tinamukweza m'minibasi. Ulendo wonse wa kuchipatala mutu wake unali pamiyendo panga, kachidutswa ka galasi katalowa m'diso lakumanzere. Ankanjenjemera ngati mwana wodwala malungo, atagwiritsitsa chitenje changa, akuyankhula zakwawo zimene sindinamve. Ndinalira, sindibisa. Ndinkangoti, "Pepani, bambo, pepani."

Diso lija silinaonenso. Anabwerera kwawo makina asanathe kukonzedwa.

Lolemba lotsatira Loweruka lija ndili mumzere wa tiyi, dengu kumsana, akapitawo aja anabwera n'kuima pambali panga. Ndinkayesa abwera kudzafunsa za wodwala. Anayang'ana masamba anga kaye, kenako anapukusa mutu.

"Amayi inu munasokoneza," anatero. "Mukanamusiya pang'ono pokha, akanadzuka."