A Lazalo ndi oyilo wa nsatsi

A Lazalo anafika ku Raffingora wapansi kuchokera ku Dedza, Chitaganya chisanayambe. Sukulu yawo inathera pa a e i o u, kuchepera ine amene ndinalawako Sitandade 2, koma pa pulazi yathu ya fodya panalibe injini yolira popanda chilolezo chawo. Oyilo ankasankha ndi zala. Kudontheza pa chala chachikulu, kufikisa, kununkhiza, basi mlandu watha: uyu ngwa thirakitala, uyu ngwa lole, uyu kathireni pa chiswe. Akazi awo, a Filesi, ankadandaula pachitsime kuti bambowo amasisita zitsulo mwachikondi kuposa anthu. Ife tinkangoti pepani, ngakhale ana asanu ndi mmodzi aja sanabadwe ndi sipanala.

Chifukwa cha lusolo bwana anawapatsa nyumba ya njerwa, imodzi yokhayo m'komboni monse. Enafe tinkagona m'zamaudzu, n'kumaiyang'ana cham'mbali.

Mu 1958 mwana wa bwana, amene tinkamutcha Liwiro, anabwera ndi kagalimoto kofiira kampikisano, kopanda denga, kamipando iwiri ngati munthu wopanda abale. Katangolira, a Lazalo anakweza mphuno.

"Nsatsi izi. Galimoto iyi imamwa mafuta a nsatsi."

Kapitawo Januario anaseka mpaka kutsokomola. "Madala, nsatsi zodzola azimayi kwanu ku Nyasalandi? Mzungu n'kuthira zimenezo m'motokari? Mabhurandaya inu mudzatipha." Ndilo dzina limene eni dziko ankatchulira anthu a ku Nyasalandi.

Koma zinali zoona. M'kagalimotomo munali chitini chake cha oyilo wodula wochokera kunja, fungo lake nsatsi zenizeni. A Lazalo anatiphunzitsa, tifune tisafune. Akuti injini yothamanga imatentha koopsa, oyilo wamba amasanduka madzi, pamene wa nsatsi amakakamira pachitsulo. Kungoti ngwansanje ngati mkazi wamkulu. Akakumana ndi oyilo wina m'injini imodzi amagwirana, n'kusanduka phala lotseka timabowo tonse. Ukafuna kusintha, khetsa yense, tsuka, kenako thira wina.

Chaka chathunthu anakalera kagalimotoko, ndipo Liwiro anabwera ndi zikho ziwiri. Dzina la a Lazalo silinalembedwepo, mwina malo anachepa.

Loweruka lina m'mawa Liwiro ankathamangira mpikisano kufupi ndi mzinda wa Sozibele. Oyilo m'injini anali atatsika, chitini chili gwaa. Ine ndinali pomwepo, kusesa pashedi pamene ndinali nditasesa kale. Liwiro analoza mgolo wa oyilo wa thirakitala.

"Thira uyo, boyi." Boyi wake wa imvi m'mutu.

"Bwana, awiriwa sagwirizana. Tikhetse kaye, titsuke, dzuwa likamafika pamutu mwanyamuka."

"Oyilo ndi oyilo. Unaphunzira kuti za injini iwe? Thira, apo ayi tenga chitupa chako uzipita lero lomwe."

Chitupa chikasainidwa ntchito yatha, nyumba yatha. A Lazalo anayang'ana kukomboni, kumene a Filesi ankayanika zovala za ana pa waya. Anatenga chibekete chothirira, n'kuthira pang'onopang'ono, osadontheza pansi ngakhale kadontho. Ngakhale pakupha injini anali aukhondo.

Kagalimotoko kanazungulira bwalo la mpikisano katatu, kachinayi kanauma ngati nkhuni. Lolemba kanabwera kokokedwa ndi lole. Bwana wamkulu atatsegulitsa injini anapeza phala lakuda lija. Anatiitana tonse amene tinali pashedi.

"Anathira ndani?"

Liwiro ankawerenga mabowo a nsapato zake.

"Ndine, bwana," anatero a Lazalo.

"Unkadziwa kuti oyilo ameneyu sasakaniza?"

Apa munthu wochenjera akanati sindimadziwa, ndine mbuli, akanalandira mbama imodzi n'kubwerera kuntchito. Umbuli mzungu amakhululuka, amaukonda ndithu. Koma a Lazalo zaka makumi awiri za luso sakanazikana pamaso pa Januario.

"Ndinkadziwa, bwana."

"Ndiye unachitira dala."

Ine, amene pakamwa panga sipatsekeka ngakhale pamaliro, tsikulo ndinagwidwa chifuwa. Ndinali ndi ana anga nanenso. Masiku amenewo wayilesi ya kusitolo inkatiuza kuti akuda ndi oyera tsopano tili pa mgwirizano, ndipo tinagwirizanadi: tonse tinasiya a Lazalo okha.

Lachitatu Januario anali atalowa m'nyumba ya njerwa, akudandaula kuti khomo limalira.

Pano a Lazalo ali pa pulazi ina kufupi ndi tauni ya Concession, amathena fodya pamodzi ndi azimayi. Polembedwa ntchito anauza kalaliki kuti chibadwire chawo sanagwirepo china koma khasu. Mwezi watha ndinakumana ndi a Filesi podikira basi. Akuti thirakitala ya kumeneko ikugogoda ndi kufuka utsi wabuluu, oyilo wake ngolakwika, siifika nthawi yokolola. Bambowo akaimva ikubwera amasamukira kumapeto kwa mzere, n'kuwerama.