Muvi Umene Anaufufuta

Ku ofesi ankangowatchula kuti a Mivi. Zaka makumi awiri anakhala pa tebulo limodzimodzi, pafupi ndi zenera losatseguka, akusandutsa manambala a anthu ena kukhala zithunzi. Oyeza madzi akabwera ndi zotsatira, iwo ankaika kadontho pa pepala m'malo mwa chitsime chilichonse, zitsime za madzi ofanana n'kuyandikana. Pamwamba pake ankajambula mivi: wina wa mchere, wina wa chitsulo, wina wa mtovu. Muvi wautali unkasonyeza chinthu chimene chikusiyanitsa zitsimezo. Waufupi ankaufufuta, monga amachitira onse a ntchitoyi, kuti chithunzi chisakhale ngati papalasa nkhuku. Anali munthu waudongo mpaka kutopetsa, moti tiyi ankakamwera pakhonde poopa kudontheza pa mapepala.

Chaka china, pa zitsime makumi anayi zimene anawabweretsera panali chimene ankatungako mlongo wawo. Muvi wa mtovu unatuluka waufupi ngati njere ya mpunga, iwo n'kuufufuta. Mlongoyo atafunsa pa foni, anamuyankha osaganiza kawiri: "Imwani, achemwali, madzi anuwo alibe vuto."

Patapita zaka zitatu mwana wamkulu wa mlongoyo anamwalira, impso zitasiya kugwira ntchito. Atabwerako kumaliro, a Mivi anatsegulanso manambala akale aja. Pepala limaonetsa mbali ziwiri zokha, koma manambalawo anali ndi mbali yachitatu imene iwo sanaiyang'ane. Atatembenuza chithunzicho pa kompyuta, muvi wa mtovu unatambasuka kuposa inzake yonse. Poyamba paja unkaoneka waufupi chifukwa unaloza kumaso kwawo. Unakathera pa zitsime zitatu, ndipo chimodzi chinali cha mlongo wawo.

Iwo ankadziwa kuti mtovu ukachuluka m'madzi umaononga impso. Palibe amene akanadziwa za kulakwa kwawoko, ngakhale adokotala sanatchule za madzi. Akanatha kungolemba kalata yoti zitsimezo zitsekedwe, dzina lawo n'kukhalabe loyera. Koma makalata amayenda pang'onopang'ono, ndipo m'nyumba muja munatsala mwana wina.

Anakwera basi tsiku lomwelo. Anamupeza mlongoyo kukhitchini akutsanulira mwanayo madzi m'kapu.

"Musamupatse amenewo," anatero a Mivi.

"Bwanji, achimwene? Si inu munatiuza kuti ndi abwino?"

"Ndine. Sindinaonetsetse."

Mlongoyo anawayang'ana, kapu ili m'manja. Kenako anafunsa motsitsa mawu, kuti mwanayo asamve: "Ndiye kuti malemu uja ndimamumwetsa ndekha?"