Nsanje ya a Tsvetan Gerov

A Tsvetan Gerov ankaphika buledi pafupi ndi sukulu yathu, m'tauni ya kufupi ndi mzinda wa Plovdiv. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Nevena, ndinamuphunzitsa ine. Ali wamng'ono, m'mawa uliwonse ankathira ufa ndi madzi mumtsuko wa chofufumitsa umene agogo ake anasiya, kuti yisiti ya m'menemo idye, ndipo m'kalasi ankafika manja ali mbuu.

Atakula anapeza ntchito yofufuza za yisiti ku Sofia, likulu la dziko lathu, ndipo kubwera kumudzi kunayamba kuchepa. Akaimba foni, nkhani inali ya yisiti basi. Apa ndi pamene bambo ake anagwidwa nsanje.

Tsiku lina ndikugula buledi ndinawapeza ali pa foni, atakweza mawu a foniyo kuti azimva uku akukanda ufa.

"Ababa, yisiti mukaipatsa shuga wa mitundu iwiri, imayamba kudya wa m'mphesa, wosavutayo," Nevena ankafotokoza. "Nthawi yonseyo chibadwa chake chimakhala chitatseka njira yodyera wa mu ufa. Woyambayo akatha, imaima kaye, kenako n'kutsegula njira inayo. Ine ndikufufuza chimene chimatsegulacho."

Atadula foni anandiyang'ana. "Mwamva, aphunzitsi? Ine ndine shuga wa mu ufa. Ndidikire wokomayo athe."

"A Tsvetan, mukulimbirana mwana ndi tinthu tosaoneka ndi maso?"

"Tosaoneka, koma Lamlungu amagonera komweko."

Lamlungu la kanjedza linayandikira, tsiku limene kwathu timakondwerera onse a mayina a maluwa, ndipo Tsvetan ndi Nevena onse ndi mayina a maluwa. Pa tsiku la dzina sitiitana munthu. Wokukumbuka amabwera yekha. Ndinawanyengerera kuti angomuimbira, koma anakana. "Ndikamuitana, ndidziwa bwanji kuti akanabwera?"

Tsikulo anawotcha nsomba, alendo tinadzaza nyumba, koma iwo maso anali pakhomo. Nsomba inazizira. Dzuwa litapendeka Nevena analowa, nthambi za msondodzi, kanjedza wa kwathu, kudzanja lina, kabokosi koyera kudzanja linalo.

"Mukhale ndi moyo zaka zambiri, ababa."

"Nawenso, mwanawe. M'menemo muli chiyani?"

"Yisiti yanga. Panalibe woisamala, ndiye ndangobwera nayo. Ikufuna malo otentha pang'ono."

Nkhope yawo inagwa. "Ndiye wabwera ndi mwamuna wako."

Tonse tinaseka, iwo ayi. Malo otentha m'nyumbamo anali amodzi, pa shelefu ya pafupi ndi uvuni, pamene mtsuko wa agogo umakhala. A Tsvetan anaima pamenepo kanthawi, kenako anasuntha mtsukowo pang'ono, osati kwambiri, n'kuika kabokosi pambali pake.

"Ikhale apa. Koma mawa m'mawa uyambe kudyetsa ya mumtsuko wanga."

M'mawa mwake ndikupita kusukulu ndinamuona Nevena pawindo, manja ali mbuu, bambo ake ataimirira kumbuyo ngati woyang'anira mayeso.