Efulemu Afunsira Ntchito ku Nathenje

Efulemu Chadza adakulira pathirakitala, akulima minda ya Apayoniya. Asilikali atabalalitsa Apayoniyawo kumapeto kwa 1993, iye adataya yunifomu m'dambo nabwerera kwa mkazi wake Jacinta, kufupi ndi Mitundu, atavala malaya obwereka.

Zisankho zidadutsa, boma lidasintha, Efulemu ali pakhomo. Tsiku lina adamva pamsika kuti esiteti ina ya fodya ku Nathenje ikufuna dalaivala, ndipo ofuna alembe kalata.

Adathothola pepala lapakati la kope nakhala pakhonde. Keyala adailemba bwino pakona. Moni kwa abwana, dzina, zaka, kalasi yomwe adalekezera sukulu, zonse zidayenda. Atafika ponena kumene adagwirako ntchito, bolopeni idaima.

"Lembani kuti munkalima kwa mwenye," adatero Jacinta, akusankha fodya. "Adzakufufuzani ndani?"

"Ndilembe bodza, amayi a Tiyamike? Ine sindidamenyepo munthu. Sindidaimepo pachipata cha msika kufunsa anthu khadi ya chipani. Ndinkalima basi."

"Zimenezo ndikuzidziwa ndine. Iwowo sakudziwani."

Efulemu adalemba zoona, nawonjezera kuti makina amatha kukonza yekha ndipo mowa samwa. M'mawa mwake adapalasa njinga ya mlamu wake mpaka ku Nathenje.

Manijala wa esitetiyo, a Yona Kamwendo, adali bambo waimvi, wolankhula motsitsa. Adamupatsa mpando nayamba kuwerenga akugwedeza mutu mokhutira. Kenaka mutu uja udaima. Adavula magalasi.

"Ife kwathu ndife a mpingo wa Mboni," adatero. "Tidakana kugula khadi. Anzanu adatentha nyumba yathu, tidathawira ku Mozambiki. Mayi anga adatsala m'njira."

Efulemu adayang'ana pansi.

A Kamwendo adapitiriza: "Mwina inu kudalibe. Ndikukhulupirira kuti kudalibe. Kalata yanu yaposa zonse zomwe ndalandira. Koma mtima wangawu sungathe kukuonani m'mawa uliwonse."

Efulemu adangonena mawu awiri: "Pepani, bwana."

Pobwerera njinga ija adangoikankha. Jacinta atamuona nkhope adadziwiratu zonse. Adamuikira madzi osamba, nakalirira kuseri kwa chigafa.

Efulemu sadalembenso kalata ina. Chaka chotsatira mvula idavuta, ndipo lole itabwera kudzatenga matenanti opita ku Kasungu, iye adakwera nawo. Kumeneko sankafunsa kumene munthu wachokera. Jacinta adamuperekeza mpaka pasiteji, Tiyamike ali kumsana. Lole idali itadzaza kale, moti adatsanzikana mofuula, mawu akumezedwa ndi injini.

"Tikagulitsa fodya ndidzakutengani!"

Fodya asadagulitsidwe, tenanti mnzake adafika ku Mitundu ndi bulangete, khasu ndi nsapato. Efulemu adali atamwalira ndi malungo m'mwezi wa Febuluwale, ndipo anzake adamuika komweko. Jacinta adafunsa kuti manda ali pati. Munthuyo adayesa kulongosola, koma mitengo ndi njira zomwe ankatchulazo, Jacinta sadazidziwe.